Mbewa za Nayden

Velichka ankayeza zotupa za mbewa. Ntchito yake inali imeneyo, ndipo mumzinda wa Plovdiv monse munalibe dzanja loposa lake, pamenepa pokha asakunamizeni munthu. Labu yomwe ankagwirako, kuseri kwa mafakitale a pamsewu wa ku Asenovgrad, inkalandira mankhwala atsopano a khansa kuchokera ku makampani akunja n'kumawayesa pa mbewa asanafike m'thupi la munthu. Mbewazo zinali zija zopanda ubweya, zofiirira ngati khanda longobadwa kumene, ndipo iliyonse inkakhala ndi chotupa chochita kubzala pansi pa khungu cha m'nthiti. Kawiri pa sabata Velichka ankanyamula mbewa imodziimodzi, kupana chotupa chake ndi kachitsulo koyezera, kaja ka milomo iwiri ngati sipanala, n'kuwerenga kukula kwake. Chotupa chikamaphwa ndiye kuti mankhwala akugwira. Chikamakula, mankhwalawo ndi otaya.

Mwamuna wake, Nayden, anali makanika wa mabasi a mumzinda, wopuma pantchito koma osati pakamwa. Alendo akabwera ankati, "Mkazi wangayu ndi mlezi wa mbewa zamaliseche. Ine ndikayetsemula amangoti pepani ali chogona, koma mbewa ikangotsinzina diso limodzi, mayi athamanga ndi taxi."

"Mbewa sizimwa kachasu wa rakiya, n'chifukwa chake ndimazimvera chisoni," ankayankha choncho Velichka, anthu n'kufa nacho chiseko.

Chiseko chimenecho chinatha nyengo yozizira, Nayden atamupeza ndi khansa ya m'matumbo. Anamuchita opaleshoni, koma matenda anali atakwera kale kuchiwindi. Kenako anamuika pa mankhwala a diripi, ndipo diripiyo inamuzunza munthu uja mpaka Velichka ankachita kumusambitsa ngati mwana. Anasanza, m'kamwa munatuluka zilonda, zala zinachita dzanzi moti ngakhale batani la malaya linkamukanika. Anaonda ndi mutu womwe. Chopweteka n'chakuti pambuyo pa mazunzo onsewo, zotupa za m'chiwindi zinangokhala momwe zinalili.

A dokotala Mutafova, omwe ankamuona kuchipatala, sanali munthu wozungulira. Anawakhazika pansi onse awiri n'kuwauza kuti thupi la Nayden likhoza kupirira ulendo umodzi wokha wa mankhwala, ndipo njira zatsala ziwiri: diripi ina yamphamvu kuposa yoyamba ija, yogonekedwa nayo m'chipatala, kapena mapiritsi omwera kunyumba. Kuchira kunalibepo, anatero. Chomwe ankasaka chinali nthawi.

Nthawiyo Nayden ankaidziwa ntchito yake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Zornitsa, wokhala kunja, ku Hamburg, anali woyembekezera, ndipo ankayembekezeka kuchira nyengo yokolola mphesa. Anali atakonza zoti akangochira abwere ndi khandalo kumudzi.

"Adokotala, ine zaka sindikupempha," anatero Nayden. "Ndingofuna ndimunyamule mdzukulu wangayo, andikodzere pamalaya kamodzi, basi mundilembe tchuthi."

Apa m'pomwe ntchito ya Velichka inalowa m'nyumba mwake. Tsiku la opaleshoni lija anali atapempha, mapepala onse n'kusainidwa, kuti kachidutswa ka chotupa cha mwamuna wake akakabzale m'mbewa. Bwana wa labu, a Chakarov, bambo wachete wa magalasi okhuthala, anavomera kuti ntchitoyo ichitike pambali pa ntchito za makampani. Kachidutswa kaja kanagwira, kanakula, anakagawira mbewa zina, ndipo pomwe zipatso za matcheri zinkapsa, mbewa zonyamula matenda a Nayden zinali zitadzaza shelefu yonse. Chotsala chinali kuzigawa patatu: zina zilandire mankhwala a diripi aja, zina a mapiritsi, zina madzi amchere chabe kuti pakhale poyerekezera.

Ntchito imeneyi ili ndi malamulo awiri amene ngakhale wobwera dzulo amawadziwa. Loyamba, woyeza zotupa asadziwe kuti mbewa iyi ikulandira chiyani. Wina amwetsa, wina ayeza. Lachiwiri, dzanja loyamba kuyeza ndi lomwelo limalize, chifukwa manja awiri sapana mofanana. Woyeza anayenera kukhala Bistra, mnzake wa Velichka wakalekale, mayi wa mawu ngati wogulitsa pamsika. Koma Bistrayo, ndi ukulu wake wonse, anakwera mumtengo wa matcheri kumudzi kwa apongozi ake, nthambi n'kuthyoka, mkono nawo n'kuthyoka. Otsala anali atsikana awiri ophunzira kumene ntchito.

"Tidikire Bistra, kapena ndibwereke munthu ku Sofia," anatero a Chakarov. "Inu ndinu mkazi wake, Vela. Pashelefu imeneyi simuyenera kuyandikirapo n'komwe."

"Tidikire? Chiwindi chake chidikira nawo?"

"Ndiye ayeze mmodzi mwa atsikanawa, inu muzimwetsa."

"Ana awa amayeza chotupa chimodzi katatu n'kupeza manambala atatu. Jakisoni wa kumchira sadziwa n'komwe. Bwana, mundinyoze pa zina, koma osati pa dzanja langali. Ndakugwirirani ntchito kuyambira tsitsi lanu likadali lakuda. Linakunamizanipo liti?"

A Chakarov anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Munthu ungamukanize bwanji mkazi woti mwamuna wake akufa? Anagwedeza mutu movomera n'kutuluka. Motero Velichka anakhala womwetsa ndi woyeza yemwe, ndipo ankadziwa mbewa iliyonse chimene ikulandira.

Madzulo aliwonse ankamupeza Nayden atagona pakabedi kachitsulo pabwalo, pansi pa mpesa womwe anabzala chaka chomwe Zornitsa anabadwa. Funso linkakhala limodzi.

"Anyamata anga ali bwanji lero?"

"Akudya bwino kuposa inu."

"Nanga ine wa diripi ndikupeza bwanji?"

"Mwafooka, koma muli moyo."

"Ine wa mapiritsi?"

"Mukudumphadumpha ngati mwalandira penshoni."

"Ameneyo ndiye ine weniweni. Winayo sindikumudziwa."

Tsiku lina nthabwala sizinabwere. Velichka anamupeza atakhala tsonga, akuyang'ana zala zake zadzanzi zija. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Vela, diripi ija ayi. Ndimati ndikangoiganiza, fungo la wodi ija limandibwerera pakhosi. Kuli bwino mungondikulunga m'bulangete mukandiponye mumtsinje wa Maritsa."

Velichka anakhala pambali pake. Nayden anapumira m'mwamba.

"Koma mbewa zako zikati diripi, ndipita. Chifukwa cha mwanayo ndipita, ngakhale chokwawa. Iwe ungondiuza zomwe zanena, ine sinditsutsa."

Mawu onse awiri analowa m'makutu a Velichka, koma amene anakafika pamtima anali oyamba aja. Iye ndiye amene ankatsuka beseni la masanzi. Ndiye amene anamumva bambo wamkulu, woti ankanyamula giyabokosi ya basi ndi mnzake mmodzi yekha, akuitana amayi ake omwe anamwalira kalekale.

Tsono mundimvetse bwino, chifukwa pali anthu a pakamwa pachangu amene angati mayiyu ananama. Sananame. Nambala iliyonse yomwe analemba ndi yomwe kachitsulo kanaonetsa. Koma chitsulo ukachipana chimakana, pomwe mnofu umalola. Zotupa za mbewa za diripi zinkaoneka zotukumuka ndi zofewa, ndipo akafika pa izo ankangokhudzitsa milomo ya kachitsulo pakhungu, mwaulemu, kuopa kupweteka kanyama kofooka kale. Akafika pa za mapiritsi, mtima unkagunda, mpweya ankaugwira, pakamwa pankatuluka kapemphero, ndipo chala chachikulu chinkakankha pang'ono pokha, kakang'ono kosati n'kuoneka ndi maso. Mwini wake sankadziwa. Akanakhala kuti wina amuuza tsiku limenelo, akanamutukwana.

Patatha masabata atatu manambala anayankhula. Zotupa za mbewa za madzi amchere zinkathamanga. Za diripi ndi za mapiritsi zinali pafupifupi limodzi, koma za mapiritsi zinali zocheperako. A Chakarov anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali.

"Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Ndikanakonda tidikire mpaka tizitsegule, sikelo itiuze."

Koma a Mutafova anali ataimba kale foni kawiri kuti nthawi yopumitsa thupi yatha, mankhwala ayambike. Velichka anawatengera yekha zotsatirazo. Iwo anaziwerenga ataimirira pakhomo la wodi.

"Mbewa si munthu, mayi, zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Koma zikakhala chonchi, ndilibe chifukwa chomugonekera muno. Ayambe mapiritsi."

Chimwemwe cha tsiku limenelo ndi chimene chimandipweteka kwambiri pankhani yonseyi. Velichka anatsika basi akuthamanga ngati mtsikana. Nayden anatuma mnansi wawo kukagula kebapcheta zotentha, tinyama togaya towotcha pamakala, ngakhale iye anangoluma kamodzi n'kusiya. Anatsegula botolo la rakiya yake ya chaka chatha, kuthira m'kagalasi, kununkhiza, n'kumupatsa mkazi wake.

"Imwa iwe m'malo mwanga. Ndakhala ndikuzinyoza mbewa zako zaka zonsezi, lero ndazipepesa."

Masabata oyamba zinthu zinaoneka ngati zikuyenda. Nayden ankadzuka yekha, kumwa khofi wopanda mphamvu, kukangana ndi wailesi pa za mpira. Anatsitsa kudenga ngolo yakale yoyendetsera khanda, yomwe Zornitsa anakuliramo, n'kuyamba kuimasula mateyala. Dzuwa la ku Plovdiv linafika poti phula ankamata nsapato, ndipo iye ankati kutenthako kukumuchita bwino m'mafupa.

Kenako chakudya chinayamba kumukana. Banitsa, chitumbuwa cha tchizi, yomwe ankailimbirana ndi aliyense, ankangoitembenuza m'mbale. Mimba inayamba kukula pomwe miyendo inkatha. M'mawa wina Velichka akumupukuta kumaso anaona kuti moyera mwa maso mwasanduka chikasu. Anati mwina ndi kuwala kwa katani.

Kulabu nakonso panali zomwe ankazipewa. A Chakarov anali atalamula kuti mbewa zipitirire kulandira mankhwala, aone mathero ake. Zotupa za gulu la mapiritsi zinkalimba tsiku ndi tsiku, zinkakana kachitsulo, ndipo manambala anayamba kukwera ngakhale pang'onopang'ono. Velichka ankadziuza kuti zimachitika, zotupa zimasewera zisanagonje. Madzulo chala chake chachikulu chinkawawa, iye n'kumati ndi ukalamba.

Bistra anabwerera mphesa zitayamba kuda, mkono uli woyera ndi wowonda pomwe panali pulasitala. Analowa ndi phokoso lake lonse.

"Mwandisowa, afiti inu? Vela, bwera ndikupsompsone. Iwe, waondatu. Ukumudyetsa Nayden yekha n'kudziiwala?"

"Ukweranso liti mtengo uja, agogo?"

"Ndaudula. Mtengo wopanda ulemu."

Sabata yomweyo inali yomaliza kwa mbewa za Nayden. Mapeto a ntchitoyi amakhala amodzi nthawi zonse: mbewa amazigoneka ndi mpweya mpaka zitapita, zotupa amazichotsa, n'kuziika pasikelo chimodzichimodzi. Bistra ankadula, Velichka ankayeza kulemera. Anayamba ndi za madzi amchere. Zinali zazikulu, zolimba, zolemera, monga aliyense ankayembekezera. Bistra ankacheza za apongozi ake.

Atafika pa za diripi, Bistra anangokhudza ndi kampeni, chotupa n'kuphwa. Munatuluka timadzi, n'kutsala kachikopa ndi tinyama takufa. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chimodzimodzi. Kutukumuka konse kuja kunali madzi. Mkati matenda anali atafa. Sikelo inkachita ngati sipanaikidwe kanthu. Macheza a apongozi anathera pomwepo.

Kenako za mapiritsi. Choyamba chinatuluka chathunthu, cholimba ngati mtedza, chodzaza ndi timitsempha tamagazi. Velichka anachiika pasikelo, kuyang'ana, kuchichotsa, kupukuta sikelo, kuchiikanso. Nambala sinasinthe. Zotsatira zake zinkatulukanso choncho, zotsalira pang'ono chabe kwa za madzi amchere.

Bistra anayang'ana manambala a dzana lake, anayang'ana a pasikelo. Anatenga mbewa imodzi ya mapiritsi yomwe inali isanadulidwe, n'kuiika patsogolo pa mnzake pamodzi ndi kachitsulo kaja.

"Tayeza, Vela."

"Ndiyezerenji, poti ndinayeza kale?"

"Tangoyeza, ndione."

Velichka anatenga kachitsulo, kupana monga mwa masiku onse, n'kutchula nambala.

"Usasiye. Gwira choncho. Taona chala chako."

Anayang'ana. Ngakhale mkati mwa golovesi zinkaoneka kuti chala chakankha ndi mphamvu. Milomo ya kachitsulo inali italowa m'chotupa, khungu litafinyika uku ndi uku. Anamasula pang'onopang'ono mpaka milomo ija inangokhudza khungu, monga ankachitira ndi mbewa za diripi, monga anachitira ndi mbewa zonse pa moyo wake. Nambala inakwera, inakweranso.

Velichka anakhala pakampando. Bistra, mayi woti sasowa chonena ngakhale pamaliro, anangovula magolovesi n'kumugwira mutu kuutsamiritsa pamimba pake.

"Ndamupha, Bistra."

"Khala chete. Yamupha ndi khansa."

"Anati ndingomuuza zomwe mbewa zanena."

"Ndikanakhala ine mkazi wa Nayden, nanenso ndikanapana. Wopusa ndine, wokwera mitengo ngati mwana."

A Chakarov ataitanidwa anaima pasikelopo, manja kumbuyo. Velichka ankafuna amukalipire, amuchotse ntchito, amutchule dzina lililonse loipa. Iwo anangoti, "Lamulo lija silinaikidwe chifukwa cha anthu abodza, Vela. Wolakwa ndine amene ndinalola. Thamangani kuchipatala, mwina mpata ulipo."

Mpata panalibe. A Mutafova anamvetsera mpaka kumapeto osamudula, kenako anatsegula zotsatira za magazi omwe anamutenga Nayden sabata yomweyo.

"Nthawi ija ndikanamupatsa, chiwindi chinali chikadalimba. Lero diripi imeneyo ingamutenge sabata isanathe. Sindingayerekeze."

"Ikanamuchiritsa?"

"Ayi. Ndinakuuzani kale kuti kuchira kunalibepo."

"Ikanamufikitsa pokolola mphesa?"

A dokotala anayang'ana pawindo. "Mwina. Mwinanso ayi. Ndaonapo mankhwala ochita zodabwitsa m'mbewa, m'munthu osachita kanthu. Palibe angakuuzeni motsimikiza."

"Nanga pano afika?"

"Sindikukhulupirira, mayi. Ndi nkhani ya masabata." Anamugwira paphewa. "Za sikelozo palibe chifukwa choti adziwe. Musamusenzetse, ndipo inunso musadzisenzetse."

M'basi monse Velichka ankakonza bodza. Akanena kuti sikelo yavomereza, mapiritsi ndiwo anali abwino, kungoti matenda akula mphamvu. Ndani akanatsutsa? Bistra sakanaulula, a Chakarov ndiye chete ndi chakudya chawo. Pofika pageti bodzalo linali litapsa, longofunika kupakula.

Dzuwa linali likadali pamwamba. Nayden anali pakabedi kake pansi pa mpesa, mateyala a ngolo ija ali mbwee pansi, mavu akuzungulira mphesa. Ankadziwa kuti tsikulo ndi lomaliza kwa mbewa zija, chifukwa mkazi wake anamuuza m'mawa.

"Anyamata anga agona?"

"Agona."

"Mulungu awakhululukire, anandigwirira ntchito. Sikelo yati bwanji?"

Velichka anatsegula pakamwa, bodza lija osatuluka. Maso achikasu aja ankamuyang'ana mwachidaliro chomwe chija cha tsiku la kebapcheta. Anakhala pansi, pasimenti, pafupi ndi mutu wa bedi.

"Yati diripi."

Nayden anaphethira. "Diripi? Nanga manambala aja?"

"Ndinapana, bambo a Zornitsa. Za mapiritsi ndinkazipana kwambiri, za diripi ndinkangokhudza. Sindinkadziwa. Bistra ndiye wandionetsa lero."

Kwa munthu wina pakanafunika kufotokoza, koma Nayden anagwira choyezera chotere moyo wake wonse, poyeza mabawuti ndi mapaipi. Anamva kamodzi. Anakweza dzanja lake, kupanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala m'malere, n'kulitsitsa.

"Ndiye tipite mawa. Ndinati ndipita."

"Ndachokera komweko. Akuti chiwindi sichingapirirenso. Nthawi yake inali ija."

Mavu ankangolira. Kwa anansi wina ankathirira tomato, madzi akumveka kugwa padothi louma. Nayden anayang'ana mphesa zomwe zinali pamwamba pake, zambiri zikadali zobiriwira.

"Ndinakuuza kuti ndipita ngakhale chokwawa, Vela."

"Munatero. Munatinso ndikuponyeni mu Maritsa."

"Wodwala amanena zambiri. Iwe unasankhapo choti umve."

Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake analasa kwambiri. Velichka analira, kulira koipa kopanda manyazi, mamina ndi misozi pamodzi. Anafuna kumugwira dzanja, koma Nayden analibweza pachifuwa n'kutembenukira kukhoma. Anali wokwiya, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira. Munthu uja anapempha chinthu chimodzi chokha, n'kuchisungitsa kwa munthu mmodzi yekha amene ankamukhulupirira kuposa madokotala.

Anakhala choncho mpaka mthunzi wa mpesa unafika pageti. Velichka misozi inauma yokha. Ankayang'ana msana wa mwamuna wake, mafupa akuwerengeka pansi pa vesiti, osadziwa ngati wagona kapena ali maso.

"Akuti ndatsala ndi nthawi yotani?" anafunsa Nayden ali chiyang'anire kukhoma.

"Masabata."

"Bweretsa foni."

Anamuthandiza kukhala tsonga, kumuikira mapilo kumsana. Zala zadzanzi zija zinalephera kudina, moti anamudinira ndi Velichka. Zornitsa anayankha msanga, mawu ake akumveka bwinobwino pabwalo ponse, akufunsa ngati bambo ake adya.

"Ndadya, ndadya. Tamvera, mwana wanga. Upemphe tchuthi kuntchito, ubwere sabata ino."

"Sabata ino? Bambo, si tinagwirizana kuti ndibwera ndi mwana? Kwatsala miyezi iwiri yokha."

"Ndikudziwa. Usadikire mwana. Bwera naye momwe aliri momwemo, ndidzaike dzanja pamimba pako, andimenye kamodzi ndimumve."

Mawu a Zornitsa anabwera atasintha, ang'onoang'ono ngati a mwana wasukulu.

"Koma mapiritsi aja si akugwira? Amayi anati mbewa zaonetsa kuti ndi amenewo. Amayi salakwitsa zimenezi."

Velichka anatseka maso kudikira. Anamva mwamuna wake akupuma movutikira, kamodzi, kawiri.

"Amayi ako anayeza bwino," anatero Nayden. "Thupi langali ndi lomwe lakana. Ali pompano, mupangane za ulendo."

Anapereka foniyo kwa Velichka osamuyang'ana, n'kugonanso chotembenukira kukhoma. Velichka anaigwira ndi manja awiri. Zornitsa ankalira, akufunsa kuti agule tikiti ya tsiku liti.

"Ya mawa, mwanawe," anatero Velichka. "Ngati ilipo, ya mawa."